Mwana wa Matenanti m'Gulu la Nthanda

Tamanda ndi Mphatso, ana anga, zaka zonsezi mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene munakulira ku Chulu, kowerengera koloboyi, pamene bambo anu anali ndi nyumba ya magetsi pa boma la Kasungu. Ine ndinkangoti ndidzakuuzani mukadzakula. Lero mwakula mpaka imvi zayamba kusuzumira. Tamanda usakane, ndinaziona ndekha pa ukwati uja ngakhale unazibisa ndi duku. Tsono poti choko ndinachisiya ndipo nthawi ndili nayo yambiri, ndikulemberani nkhani yonse, mudzawerengere ana anu.

Lisasadzi, chapakati pa zaka za m'ma 1980

Ntchito ndinayambira ku Lisasadzi, ndili namwali wochokera ku koleji, nsapato zazitali kuphazi, mtima uli m'mwamba. Nsapatozo zinatha ndi matope mwezi usanathe. Ahedi athu anali a Kamanga, munthu wamfupi, wadazi, wosaseka wamba. Choko ankachisunga m'thumba la jekete, ndipo m'mawa ankachithyola n'kumatigawira ngati mankhwala. Chikatha tinkalembera chinangwa chouma. Bolodi likayera tinkalipaka makala a mabatire akale, manja ali bii mpaka Lamlungu. Koma abale, tinkaphunzitsa! Mwana wa sitandade 3 ankawerenga buku osadodoma.

Tsiku lina a Kamanga anaima pawindo la kalasi yanga nthawi yaitali. Nditatuluka anandifunsa kuti, "Madamu, mtsikana wakhala kumbuyo uja, bwanji akuluka udzu?" Ndinayankha kuti wamaliza kale masamu ake, ndiye ndamusiya kuti ndithandize ofooka. Iwo anapukusa mutu. "Mwana wofooka aliyense amamuona, chifukwa amasowetsa mtendere. Wanzeru amatayika mwakachetechete, inu mukuti ali bwino." Ndinakwiya tsiku limenelo, poti ine kudzudzulidwa sindikukonda, mukudziwa nokha. Koma mawuwo anandikhala.

Chulu, pulayimale yaulere itayamba

Ku Chulu ndinapita nditakwatiwa kale, iwe Tamanda uli kumanja, Mphatso ali kumsana. Bambo anu ankagwira ukalaliki pa boma, n'kumabwera Lachisanu panjinga, fumbi mpaka m'nsidze. Tinagwirizana kuti ndingokhalako pang'ono, ndipemphe kusamukira pa boma. Ndinapempha, n'kupemphanso, zaka n'kumapita.

Sukulu itakhala yaulere ana anabwera ngati ngumbi. Ena pansi pa mtengo, ena m'tchalitchi, ena pawindo. Ine ndinali ndi sitandade 8, ndipo zija ananena a Kamanga ndinkaziona ndi maso. Ana akuthwa ankamaliza ntchito, n'kuyamba kuyasamula, kenako kujomba, kenako umangomva kuti uje ali ku esiteti, uje wakwatiwa. Zinkandipweteka zedi.

Ndinapita kwa ahedi a kumeneko, a Zimba, munthu wabwino koma woopa ngakhale chithunzithunzi chake. Ndinawauza kuti ndikufuna ana akuthwawo azibwera m'mamawa sukulu isanayambe, ndiziwapatsa zolimba zoyenera mitu yawo. Iwo anati, "Madamu, ine sindikukana, komanso sindikuvomera. Kafunseni makolo. Zikavuta ndidzati anafuna ndi makolo."

Mantha a ahediwo ndi amene anatipatsa nzeru. Makolo atasonkhana, nkhani anaitenga kukhala yawo. Anasankha wapampando, a Mwale, mlimi wamkulu wa fodya wa bale, mwini ngolo ndi ng'ombe, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. Malamulo anapanga okha. Mwana salowa m'gulu popanda kholo kuvomera pamaso pa anzake. Makolo azisinthana kuperekeza ana m'bandakucha ndi kuwaphikira phala. Amene waphika tsiku limenelo, phala likapsa azikhala kumbuyo kwa kalasi, aone chimene mwana wake akudzukira. Ndipo nthawi yothyola ndi kusoka fodya, imene ana ankasowa m'kalasi, makolo a gululo azichita dima, lero kwa uyu, mawa kwa uyo, kuti ntchito ya mwana igwiridwe ndi akuluakulu. Poti ana ankanyamuka nthanda isanazime, anthu anangolitcha Gulu la Nthanda.

Ha, masiku amenewo ndimawasowa! Kunja kuli chisisira, utsi wa phala ukulowera pawindo, ana akukangana za masamu, kumbuyo kuli bambo wamkulu wapinda miyendo pa kabenchi ka ana. A Mwale ankati akamva mwana wawo wakhoza, ankawomba m'manja okha mpaka ndiwaletse. Kunalinso mayi wina wa chakumpoto, amene ndikamaliza phunziro ankaimirira n'kundithokoza m'chinenero chakwawo kuti, "Yewo, asambizgi," ngati ndaphunzitsa iyeyo.

Zaka zoyambirira za m'ma 2000

Nthawi imeneyo chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale, ndipo mayeso a sitandade 8 ankabwera fodya atagulitsidwa kale. Chaka china m'kalasi mwanga munalowa mtsikana wowonda, wopanda yunifolomu, dzina lake Esinati. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Phalombe, olima pa esiteti ina kuseri kwa dambo. Mwanayo anali atadutsa sukulu zingapo, poti matenanti akagulitsa fodya amasamukira kwina. Ndinkati ndikamalemba samu pa bolodi, ndisanatembenuke n'komwe, iye waika kale pensulo pansi. Ndinamuyesa ndi za fomu 1, anakhoza. Ndinabwereka buku la fomu 2, anangolakwa pamene buku linang'ambika. Pa zaka zanga zonse za uphunzitsi, mutu ngati umenewo sindinauonenso.

Ndinatengera dzina lake ku msonkhano wa makolo. Eee, ndinaputa mavu! A Mwale anaimirira n'kukonza chipewa.

"Madamu, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anthu amenewa Ogasiti akafika akwera lole. Ife tiphike phala, tithyole fodya wa mwini esiteti, mwana n'kukakhozera kwina? Njerwa za sukulu ino anaumba ndani?"

"Munaumba ndinu, bambo Mwale," ndinatero, "koma sindinaone njerwa yolembedwa kuti ana a ku Phalombe ayi."

Anthu anaseka, a Mwale sanaseke. Pakamwa pangapa panandipalamulira zambiri pa moyo wanga. Mapeto ake anagamula kuti mwanayo alowe ngati kholo lake libwere kudzaphika phala monga aliyense, koma za dima asayembekezere.

Ndinapita ku esiteti Loweruka. Bambo ake a Esinati, a Likaka, anali munthu wofatsa, wolankhula akuyang'ana pansi. Anati iwo sangachoke m'munda, kapitawo sangalole. Amene anayankha anali amake Esinati, mayi wamng'ono thupi, wakhanda kumsana. "Ndibwera ine, Madamu. Kuwerenga sindidziwa, koma phala ndimadziwa."

Anabweradi. Tsiku lawo likafika ankayamba ndi iwo kufika, mapazi atanyowa ndi mame a m'dambo. Phala likapsa ankakhala pakona penipeni, osatsamira khoma, maso pa mwana wawo. Amayi enawo sankacheza nawo kwenikweni. Tsiku lina Esinati anapita ku bolodi n'kumasula samu imene inagonetsa kalasi yonse. Titatuluka mayiyo anandikoka chitenje.

"Madamu, zimene walemba zija n'zoona?"

"N'zoona zonse."

"Palibe anamuuzira?"

"Angamuuzire ndani? Enawo akudikira kuti iye awauzire."

Anagwira pakamwa, n'kuseka chamumtima, misozi ili m'maso. "Ndiye mwana ameneyu ndinabereka ine?"

Mwezi wa Febuluwale fodya anapsa, ndipo Esinati anasowa. Ndinadikira masiku angapo, kenako ndinawoloka dambo. Ndinamupeza m'chigafa, wakhala pa mulu wa masamba, singano ili m'manja, utomoni wa fodya uli bii mpaka m'zigongono. A Likaka anati, "Madamu, musatione ngati oipa. Fodya akapsa sadikira. Tikachedwa kumupachika aola, ndiye chaka chonse tagwira ya chabe. Manja tili nawo ndi omwewa."

Sindikanawatsutsa. Inenso ndine mwana wa mlimi wa fodya, ndipo ndinapita ku koleji nditalumbira kuti utomoni umenewo sudzandikhudzanso. Koma ndinaona mwanayo akusoka osandiyang'ana chifukwa cha manyazi, mtima wanga unawira. Ndinati, "Esinati, dzuka ukasambe. Lolemba ndikupeze m'kalasi. Masana ndikaweruka, pamalo pakopo ndizikhala ine."

Ndinayambadi. Kalanga ine, manja anali ataiwala! Singano inkandibaya, masamba ankang'ambika, msana unkachita ngati wathyoka. Mbiri inawanda mudzi wonse kuti Madamu alowa utenanti. Amayi a Gulu la Nthanda anabwera kudzaonerera, ati akudutsa popita kotola nkhuni, chonsecho kumeneko kunalibe nkhuni. Anaima pakhomo pa chigafa, akugwirana mapewa ndi kuseka. Akazi a Mwale ndiwo anayamba.

"Aaa, Madamu, fodya wa eni ake mukumupha! Kusoka kwake n'kumeneko? Tapatseni kuno singanoyo, mungatichititse manyazi a Kasungu."

Anakhala pansi kuti andionetse kamodzi kokha. Enawo nawo anati aonetse kamodzi kokha. Dzuwa limalowa mikangala yopachikapo fodya itadzaza, amayi akuimba, amake Esinati akuthamanga uku ndi uku osadziwa athokoze ndani. Mawa lake anabweranso, atatenga singano zawo. A Mwale sanasinthe chigamulo chawo pa msonkhano, ayi ndithu, munthu uja sankabweza mawu. Anangotumiza ngolo yawo kudzatuta masamba ku munda, n'kuuza anthu kuti ng'ombe zimafunika kuyendako.

Esinati sanajombenso. M'miyezi yozizira ija ankabwera atafunda chitenje cha amake, ndipo ana a eni mudzi ankalimbirana kukhala naye pafupi.

Ogasiti wa chaka chomwecho

Zinthu ziwiri zinafika sabata imodzi. Choyamba, mlangizi wa masukulu a dera lathu anaima ndi njinga yamoto pakhomo pathu. "Madamu, pempho lanu lija latheka. Pa boma papezeka malo, koma akufuna munthu mwezi uno. Mukazengereza apatsa wina, ofuna ndi ambiri." Ndinavina, ana inu! Mphatso unayamba kuuza anzako kuti ukukaonera kanema. Bambo anu anabwera ndi makatoni pa njinga.

Chachiwiri, amake Esinati anafika m'mawa wina, silinali tsiku lawo la phala. Anagwada pakhonde, ine n'kuwadzutsa, iwo osadzuka. Anati fodya wagulitsidwa, mwini esiteti sakuwafunanso chaka chamawa, ndipo lole ya esiteti ina ya ku Mchinji ibwera kudzawatenga Loweruka. Mayeso anali atatsala milungu yochepa. Mwana amalembera pa sukulu imene dzina lake linalembetsedwa, ndipo kumene ankapitako sankadziwa ngati kuli sukulu n'komwe.

"Bambo ake akuti mwana wamkazi sasiyidwa kwa alendo," anatero. "Koma kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume ake ali kutali, ndiye ndayankha ine. Ndakhala kumbuyo kuja, ndaona ndi maso angawa. Ameneyu si wa singano. Ndikusiyirani, Madamu. Koma inu nokha, poti inu munakhala m'chigafa mwanga."

Sankadziwa za makatoni amene anali kuseri kwa chitseko. Ndinawauza kuti ndiwayankha mawa.

Ndinaganiza zomusiya kwa a Mwale kapena kwa ahedi, koma mayiyo anali atanena kuti ine ndekha, ndipo a Likaka sakanalola kwina. Kumutenga kupita naye pa boma sikukanatheka, mayeso ake anali a pa Chulu. Komanso ndikanachoka, Gulu la Nthanda lonse likanatsala lopanda mphunzitsi mayeso ali pakhomo. Bambo anu anakwiya, ndipo sindiwanena, anali ndi chifukwa. Anati, "Mayi a Tamanda, zaka zonsezi ndikupalasa njinga ngati wogula mbuzi, lero mwayi wabwera mukuti mwana wa eni? Nanga ana anuwa si ana?" Ndinalira, poti zimene ankanena zinali zoona. Ndinkafuna magetsi, ndinkafuna chipatala pafupi, ndinkafuna banja langa padenga limodzi. Ndinawayankha kuti, "Ana athu akakhala ku Chulu aphunzirabe, ali ndi ine. Uyu akakwera lole ija, basi kwatha." Iwo anatuluka n'kukamasula makatoni aja okha. Mulungu awasunge kumene aliko bambo anu, sanadzandikumbutsenso nkhaniyi ngakhale tikakangana.

Ndinakauza mlangizi kuti malowo apatse wina. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Mwayi wina sunabwerenso mpaka inu mutapita ku sekondale.

Loweruka lija lole inaima pamsewu wa ku esiteti, itadzaza kale mabanja ena, mitolo, nkhuku, mapoto. Makolo a Gulu la Nthanda anabwera kudzatsazika, zimene sizinkachitikira matenanti. A Mwale anavula chipewa, n'kuuza a Likaka mokweza kuti anthu onse amve, "Achimwene, pitani bwino. Mwanayu chimanga chake chili m'nkhokwe mwanga. Wina akadzamuyang'ana moipa, adzaonana ndi ine." A Likaka anangogwira dzanja lawo ndi manja awiri.

Amake Esinati anamukonza mwana wawo kolala ya diresi, n'kumuuza kuti azimvera, azidzuka m'mawa kusesa. Sanamukumbatire. Esinati anabisa nkhope m'chitenje changa. Mayiyo anandiyandikira n'kundinong'oneza mawu, kenako anakwera, n'kukhala pa mtolo atatifulatira. Lole inanyamuka, fumbi linatikwirira tonse.

Zotsatira mukuzikumbukira pang'ono, poti munagona naye chipinda chimodzi, ndipo iwe Tamanda unkadandaula kuti amakulanda bulangete. Analemba mayeso, anasankhidwa kupita ku sekondale ya boma yogonera konko, ndipo tsiku limene tinamva, a Mwale anayenda mudzi wonse akuuza anthu kuti mwana ameneyo anamutulukira ndi iwo. Makolo a gulu ndi amene anamupezera sutikesi, ndowa ndi zofunda. Koma chimene simunkadziwa, poti munali ana, n'chakuti amake sanamuonenso. Anadwala dzinja lotsatira ku Mchinji kuja, ndipo uthenga unatipeza maliro ataikidwa kale.

Lero Esinati amaphunzitsa masamu ku koleji, ali ndi banja lake. Chaka chimene ndinapuma ntchito anabwera kudzandiona. Tinakhala pakhonde tikusenda mtedza, tikukumbutsana za phala lopserera ndi ng'ombe za a Mwale, tikuseka mpaka kutsokomola. Kenako anaika lichero pansi.

"Madamu, pali chimene ndakhala ndikufuna kukufunsani. Tsiku lija sindinaone, ndinabisa nkhope. Kodi amayi anacheuka?"

Ndikanatha kumunamiza kuti mtima wake ukhale pansi, koma mwana uja sananamizikepo chiyambire.

"Sanacheuke, mwanawe. Anandinong'oneza kuti, 'Mumugwire zolimba. Ine sindicheuka, ndikacheuka nditsika kudzamutenga.'"

Esinati anayang'ana kumsewu nthawi yaitali, misozi ikutsika osaipukuta.

"Anachita bwino," anatero. "Ndikanakwera."